Phunziro la Jogirafe: Venice, mzinda umene misewu yake ndi madzi

Anzanga, sabata ino pakhoma pano ndikutengerani ku Italy, ku mzinda wa Venice. Ndausankha chifukwa mitu itatu ya m'kalasi mwathu ikukumana pamalo amodzi: kumene anthu amamanga midzi, ntchito zokopa alendo, ndi kusintha kwa nyengo. Tiuyendera ngati mlendo wongofika kumene, ndipo chilichonse chimene mlendoyo angadabwe nacho ndichifotokoza.

Kufika kwake

Venice ili kumpoto chakum'mawa kwa Italy, mkati mwa dziwe lalikulu losaya la madzi amchere, limene linatchingidwa ndi zilumba zazitali zamchenga kuti lisalumikizane kwathunthu ndi nyanja ya Adriatic. Mlendo wobwera pa sitima yapamtunda amadutsa pa mlatho wotalika makilomita pafupifupi anayi, madzi uku ndi uku. Akatsika pa siteshoni ya Santa Lucia n'kutuluka panja, sapeza msewu kapena depoti ya maminibasi. Amapeza madzi, ngalande yaikulu yotchedwa Grand Canal, maboti akudutsana.

Mlatho wa sitimawu unatsegulidwa mu 1846. Izi zisanachitike, aliyense ankafika pa bwato. Wolemba mabuku wa ku England, Charles Dickens, anafika chomwecho usiku mu 1844, ndipo ulendo wakewo anaulemba ngati maloto. Ine sindikumudabwa. Nyumba zikuluzikulu zotuluka m'madzi mumdima, ndani sangadzitsine?

Chodabwitsa choyamba: kulibe galimoto

Magalimoto onse amathera pamalo otchedwa Piazzale Roma. Kuchoka apo ndi wapansi kapena boti basi. Mzindawu wakhala pa tizilumba pafupifupi 118, tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Basi ya kumeneko ndi boti lotchedwa vaporetto. Ambulansi ndi boti, apolisi ndi ozimitsa moto amayenda pa boti, zinyalala zimatengedwa pa boti, ngakhale maliro amapita kumanda pa boti. Katundu wa m'sitolo akatsitsidwa, anthu amamukoka pa tingolo n'kumakwera naye masitepe a milatho. N'chifukwa chake zinthu kumeneko zimadula.

Bwato lotchuka pa zithunzi lija, lakuda, lalitali mamita pafupifupi 11, ndi gondola. Wopalasa amaimirira kumbuyo ndi nkhafi imodzi mbali imodzi yokha. Nanga silizungulira bwanji? Amalipanga lopendekera dala, mbali ina yotakata kuposa inzake, kuti liziyenda molunjika. Masiku ano okwera gondola ambiri ndi alendo, eni mzinda amakwera vaporetto.

Nyumba zaima pa chiyani?

Apa ndiye pali phunziro lenileni, mumvetsere. Pansi pa Venice palibe thanthwe, ndi matope okhaokha. Omanga akale ankatenga mitengo yambirimbiri, kuisongola, n'kuikhomera m'matopemo mothithikana. Matope amene apanikizika pakati pa mitengo amalimba. Pamwamba pake ankayala matabwa, kenako miyala yoyera yochokera ku Istria imene simwa madzi, ndiyeno njerwa.

Mwina wina akuti, "Aaa, mtengo m'madzi suola?" Tizilombo ndi nkhungu zimene zimaoletsa mtengo msanga zimafuna mpweya wa okosijeni. M'matope othinana mpweyawu ndi wochepa kwambiri, choncho mitengo ija yakhala zaka mazanamazana ikadali yonyamula matchalitchi ndi nyumba zosanja.

Anamangiranji pamalo ovuta chonchi?

Yankho ndi mantha. M'zaka za m'ma 400 ndi 500, ankhondo monga a Attila ndi mtundu wa Lombard ankaukira kumpoto kwa Italy. Anthu a kumtunda anathawira m'dambo la madzili, kumene akavalo sakanafika komanso zombo za adani zikanatitimira m'matope. Poyamba ankadalira nsomba ndi mchere. Kenako anazindikira kuti ali pakati pa misika ya ku Ulaya ndi ya kum'mawa, n'kuyamba malonda a nsalu za silika ndi zokometsera zakudya. Marco Polo, amene ananyamuka mu 1271 kupita ku China n'kubwerako mu 1295, anali mwana wa mzindawu. Venice inali dziko lodzilamulira lokha, mtsogoleri wake ankatchedwa Doge, mpaka Napoleon anathetsa ulamulirowo mu 1797.

Koma abale, anazunguliridwa ndi madzi osamweka! Ndiye pabwalo lililonse anakumba dzenje lalikulu, kulimata ndi dongo, kulidzaza mchenga, pakati n'kuika chitsime. Madzi a mvula ankalowa, kusefedwa ndi mchengawo, anthu n'kumatunga. Madzi a m'mipope ochokera kumtunda anafika mu 1884.

Madzi saiwala khwawa

Mlendo wofika mu Novembala akhoza kudzutsidwa ndi kulira kwa masayirini. Ndi chenjezo la chimene iwo amati acqua alta, kutanthauza madzi okwera. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Kukwerako kukakumana ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, yotchedwa scirocco, madzi amakankhidwira m'dziwe muja n'kusefukira mumzinda. Bwalo la San Marco, limene ndi lotsika kwambiri, ndi loyamba kumira.

Pa 4 Novembala 1966 madzi anafika masentimita 194 pa muyezo wawo. Pa 12 Novembala 2019 anafika 187. Zifukwa zokulitsa vutoli ndi ziwiri. Choyamba, nthaka ikutsika, ndipo mafakitale a ku Marghera anawonjezera kutsikako popopa madzi ambiri apansi mpaka cha m'ma 1970. Chachiwiri, nyanja ikukwera chifukwa dziko likutentha. Madzi amchere akalowa m'njerwa n'kuuma, mchere umatsala mkati n'kumazifumbutsa.

Boma la Italy linamanga zitseko zachitsulo 78 pa makomo atatu amene madzi a m'nyanja amalowera, ntchito yotchedwa MOSE. Masiku wamba zitsekozo zimagona pansi zodzaza madzi. Chigumula chikayandikira amazipopera mpweya, zimadzuka n'kutseka makomowo. Zinateteza mzinda koyamba pa 3 Okutobala 2020. Komabe sangatseke kawirikawiri, chifukwa madzi olowa ndi kutulukawo ndi amene amatsuka ngalande, ndiponso zombo zimafuna njira yopita kudoko.

Mlendo ndi mame

Chimene mlendo saona msanga n'chakuti eni mzinda akuchoka. Mu 1951 pakati pa mzinda wakalewu pankakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 anatsika kufika pochepera 50,000. Eni nyumba amapeza ndalama zambiri pogoneka alendo kusiyana ndi kuchititsa lendi kwa banja. Masitolo a zakudya amasanduka ogulitsa zikumbutso. Kuyambira mu 2021 zombo zikuluzikulu za alendo zinaletsedwa kudutsa pafupi ndi San Marco, ndipo mu 2024 anayamba kulipiritsa mayuro asanu, pa masiku ena, kwa alendo obwera n'kubwerera tsiku lomwelo.

Maganizo anga ndi awa: zitseko zikhoza kutchinga nyanja, koma ana a sukulu ndi ogulitsa ndiwo akatha, otsala adzakhala makoma ojambulapo zithunzi. Pa mayeso akatifunsa ubwino ndi kuipa kwa ntchito zokopa alendo, chitsanzo ndi chimenechi.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani chifukwa chimene mitengo ya pansi pa Venice siola msanga.
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zikukulitsa kusefukira kwa madzi mumzindawu.
3. Mukanakhala meya wa Venice, mukanachepetsa alendo kapena ayi? Perekani zifukwa.

Mayankho aponyedwe m'bokosi la kalabu ya Jogirafe pofika Lachisanu. Abwino kwambiri tidzawamata pompano. Ndipo chonde, osang'amba pepalali, ena sanawerenge.