Phunziro 17: Tinkhono Tosaka Nyama

Mvula ikagwa, mwana ali yense amaona nkhono zazikulu zikukwawa m'madimba ndi kudya ndiwo zathu. Koma pansi pa masamba oola m'nkhalango pamakhala tinkhono tina timene anthu ambiri sanatione, pakuti tambiri ntating'ono ngati njere ya mpunga. Timeneti sitidya masamba ai. Cakudya cace ndi nyama.

Anthu ophunzira amagawa zamoyo monga momwe ife tigawira anthu m'mitundu ndi m'mabanja. Maina a nyama amene tiwerenga m'mabuku lero anayambira pa buku la Carl Linnaeus wa ku Sweden, la m'caka ca 1758. Nkhono zonse ziri m'gulu lalikulu la nyama zofewa thupi, lochedwa Mollusca. M'gulu lomwelo, zimene zimakwawa ndi phazi limodzi la kumimba zichedwa Gastropoda. Tinkhono tathuti tiri m'banja la Streptaxidae, ndipo amene anacha dzinali ndiye John Edward Gray wa ku London, m'caka ca 1860.

Monga nkhono zambiri za pamtunda, kankhono ka m'banjali kamapuma ndi phapo, maso ace ali kunsonga kwa nyanga zazitali, ndipo kamodzi komweko nkakamuna ndi kakakazi pamodzi. Tsono tidzakazindikira bwanji? Cigoba cace kawiri kawiri ncoyera ndi coonetsa za mkati, thupi lace ndi lacikasu kapena lofiirira. Mtundu wa Gulella, umene uli wocuruka m'Africa muno, uli ndi tizitunda tonga mano pakhomo pa cigoba.

Koma cizindikiro ceni ceni ciri m'kamwa. Lilime la nkhono liri ngati tupa, lodzala ndi timano tosaoneka ndi maso. Nkhono yodya masamba mano ace ngafupi, oyenera kupala. Kamlenje kathu mano ace ngatali ndi osongoka ngati mikondo. Kakapeza nkhono inzace, kamalowetsa mutu m'cigoba ca mnzaceyo, nikamakoka nyama pang'ono pang'ono kufikira cigoba catsala copanda kanthu. Kamadyanso nyongolotsi.

Mbiri ya alenjewa inafika kutali. Pa zisumbu za Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific, nkhono yaikulu ya ku Africa inacuruka niyamba kuononga mbeu. M'zaka za m'ma 1950 anthu anatenga nkhono za mtundu wa Gonaxis ku Kenya, zimene ziri zokulirapo m'banja lomweli, nakazitaya kumeneko kuti zidye adani ao. Kunali kufulumira, pakuti nyama yacilendo simvera malamulo a amene anaibweretsa. Gonaxis inadyadi mazira ndi ana a nkhono yaikuluyo, koma sinaithe, ndipo kufikira lero ikali m'minda ya ku Hawaii.

Mafunso

1. Kodi mano a nkhono yodya masamba asiyana bwanji ndi a nkhono yodya nyama?
2. Funani zigoba zazing'ono pansi pa masamba oola. Kodi ciripo cokhala ndi mano pakhomo?