Yesani m'munda mwanu musanakhulupirire za pamsika

Nyengo yodzala ikamayandikira, nkhani za mbeu zimachuluka pa Chitakale, pa Nkando ndi pa Limbuli. Wina akuti mbeu yakutiyakuti ndi yachabe, wina akuti feteleza amaguga nthaka, winanso akuti kudzala njere imodzi paphando ndi kutaya nthawi. Mukawafunsa ngati anayesapo, ambiri amati anangomva. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kuno ku Mulanje, kumene mabanja ambiri ali ndi malo ochepa, mlimi akalakwitsa mbeu chifukwa cha mphekesera ndiye kuti njala yalowa m'nyumba.

Sikuti zonena za alimi zonse ndi zopanda pake ayi. Kale amayi ankakana chimanga cha haibulidi ponena kuti ndi chofewa. Chikalowa mu mtondo chinkaphwanyika, mphale n'kuchepa, gaga n'kuchuluka, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa kuchilowa. Amenewa sanali maganizo chabe. Zinali zinthu zimene amayiwo anaziona ndi maso pokonola chaka ndi chaka. Akatswiri a pa Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anamvera madandaulowa ndipo mu 1990 anatulutsa mbeu za MH17 ndi MH18, zomwe njere zake ndi zolimbirako ngati chimanga cha makolo. Koma patapita zaka ena ankanenabe kuti haibulidi aliyense sakonoleka, chonsecho mbeu zatsopanozo anali asanaziikepo mu mtondo. Mawu omwe aja, amene poyamba anali umboni, tsopano anasanduka mphekesera.

Chitsanzo china ndi kadzalidwe ka Sasakawa kamene kanafika m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kale tinkapanga mizere yotalikirana masentimitala 90, mapando masentimitala 90, njere zitatu paphando. Potero pahekitala pamakhala mapesi pafupifupi 37,000. Mu njira ya Sasakawa mizere imatalikirana masentimitala 75, mapando masentimitala 25, njere imodzi paphando, ndipo mapesi amafika 53,000. Chiwerengerochi ndi choona, koma pachokha sichikuuzani ngati njirayi ikupindulireni. Mapesi ochuluka amafuna chakudya chokwanira m'nthaka. Komanso alimi a kuno timadzala nandolo m'chimanga, ndipo chimanga chothithikana chikhoza kumupanikiza. Mvula ya ku Muloza ndi ku Lujeri si yofanana ndi ya kuchigwa cha Thuchila. Yankho lenileni lili m'munda mwanu.

Kuyesa sikufuna ndalama zambiri. Chitani izi:

1. Patulani tizigawo tiwiri tofanana kukula, mwachitsanzo mamitala 10 mulitali ndi 10 mulifupi, pamalo amene nthaka yake ndi yofanana. Pewani pachulu, pansi pa mtengo kapena pamene panali khola.

2. Sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati mukuyesa mbeu, kadzalidwe ndi feteleza zikhale zofanana. Ngati mukuyesa kadzalidwe, mbeu ikhale imodzimodzi.

3. Dzalani tsiku limodzi, palirani tsiku limodzi, thirani feteleza tsiku limodzi.

4. Lembani m'kope tsiku lodzala, ndalama zomwe mwagwiritsa ntchito ndi masiku amene munagwira ntchito pachigawo chilichonse. Ngati kulemba kukuvutani, mwana wa sukulu akuthandizeni.

5. Kololani padera. Chimanga chikauma, tongolani ndi kuyeza ndi ndowa imodzi yomweyo. Musaweruze poona kukula kwa zisononkho. Nandolo naye muyezeni, chifukwa ndi ndiwo komanso ndi ndalama.

6. Konolani ndowa imodzi ya mbali iliyonse ndi kuona mphale yotulukapo. Sunganiko pang'ono mpaka mwezi wa February kuti muone m'mene anankafumbwe achitira.

Chaka chimodzi sichikwanira. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda yambiri m'boma lino, ndipo chaka chotsatira mvula inadula m'madera ambiri a m'chigawo cha kummwera. Mbeu yochita bwino pa mvula yambiri ikhoza kulephera pa ng'amba. Bwerezani kuyesako zaka ziwiri kapena zitatu. Ngakhale akatswiri a tiyi pa Mimosa amayesa mtundu watsopano kwa zaka zambiri asanaupereke ku maesiteti.

Ngati muli m'kalabu, gawanani ntchito: wina ayese mbeu, wina manyowa, wina kadzalidwe. Pokolola itanani mlangizi wa m'dera lanu ndi anzanu kuti adzaone poyeza. Tsono pamene wina adzakuuzeni pamsika kuti mbeu yakutiyakuti ndi yachabe, mufunseni modekha kuti anaidzala kuti, chaka chiti, ndipo anapeza ndowa zingati.