Kodi Radiotherapy Imawotchadi Munthu? Fizikisi ya Chithandizo cha Khansa ndi Ulendo wa Wodwala wa ku Phalombe

Kwathu kuno ku Phalombe, anthu akamva kuti wodwala khansa "akukamuwotcha" ku Blantyre kapena ku Lilongwe, nkhope zimagwa. Mawu akuti kuwotcha amabweretsa chithunzi cha moto, ndiye ena amakana kupita, ena amayamba n'kusiyira panjira. Lero tiona zimene zimachitikadi m'makina aja, chifukwa chake chithandizo chimatenga masabata ambiri, komanso njira imene wodwala wa kumudzi amadutsa kuti akafike kumeneko. A Fomu 3 ndi 4, tengani kope ndi cholembera, muli masamu pang'ono.

Khansa n'chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo. Selo limagawikana kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anayi, ndipo malangizo a nthawi yoyamba ndi yosiya kugawikana analembedwa mu DNA. Malangizowa akawonongeka, selo limangogawikana osaleka, mpaka kupanga chotupa chimene chimatha kufalikira kwina. Imeneyo ndiye khansa. Si matsenga, ndipo sungaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala.

Ku Malawi, khansa zimene zimapezeka kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, ya kummero ndi ya m'mawere. Pa khansa ya khomo la chiberekero, dziko lathu lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, choncho tiigwiritsa ntchito ngati chitsanzo.

Makwerero a zipatala

Tiyerekeze mayi wa ku Nkhulambe amene akutaya magazi mosagwirizana ndi nthawi yake ya kumwezi. Poyambira pake ndi pachipatala chaching'ono cha m'dera lake. Kumene kuli anamwino ophunzitsidwa, amamuyeza ndi njira ya VIA: amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene maselo ayamba kusintha amayera. A kemisitiri, viniga ameneyu ndi acetic acid yemwe uja, wosungunulidwa kufika pa 3 mpaka 5 peresenti.

Vuto likapezeka lisanasanduke khansa, amatha kulithetsa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha pafupifupi madigiri 100, kamene amakakhudzitsa pamalopo kwa masekondi ochepa. Apa ndiye pali kutentha kwenikweni. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Akakayikira kuti ndi khansa, mayi uja amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha boma ku Migowi. Kwa zaka zambiri boma lathu linalibe chipatala chotere, ndipo anthu ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family. Kuchokera ku Migowi, ulendo umapitirira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe tonse timangoti ku Queens. Madokotala amadula kachidutswa kakang'ono ka mnofu n'kukatumiza ku labu kuti akaone ndi maikulosikopu. Zotsatira zimatha kutenga masabata, ndipo apa m'pamene odwala ambiri amasowa. Munthu wabwerera kumudzi, foni yake ilibe moto kapena nambala imene anasiya inali ya mnansi amene anasamuka, basi zotsatira zikumudikira iye osadziwa.

Zikatsimikizika, njira zikuluzikulu zilipo zitatu: opaleshoni, mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy, ndi radiotherapy. Nthawi zambiri amaziphatikiza. Kwa zaka zambiri ku Malawi kunalibe makina a radiotherapy, ndipo ochepa amwayi ankatumizidwa kunja, monga ku India, Tanzania, Zambia ndi Kenya. Bungwe la MSF, limene limathandiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ku Queens, linkatumiza ena ku Nairobi. Mu 2024 chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizochi, ndipo boma linamanga National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Ndi nkhani yabwino, komabe kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, osawerengera ulendo wochokera kumudzi.

Cheza chimene sitichiona

Mukukumbukira electromagnetic spectrum? Mafunde a wailesi, microwave, infrared, kuwala kumene timaona, ultraviolet, X-ray ndi gamma. Tikamapita chakumapeto, frequency imakwera ndipo kaphukusi kalikonse ka mphamvu, kotchedwa photon, kamanyamula mphamvu zambiri. Photon ya kuwala wamba ili ndi ma electronvolt awiri kapena atatu basi. Ya m'makina a radiotherapy imafika mamiliyoni. Mphamvu yotereyi imathothola ma electron ku maatomu, ndipo zimenezi timati ionisation. Zikachitika m'selo, DNA imaduka, selolo n'kulephera kugawikananso.

Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895, ndipo Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium mu 1898. Pasanapite nthawi yaitali madokotala anayamba kuyesa cheza chimenechi pa zotupa. Lero makina ambiri ndi a mtundu wa linear accelerator. Amathamangitsa ma electron ndi magetsi n'kuwawombetsa pachitsulo cholemera ngati tungsten, ndipo pakuwombanapo pamatuluka X-ray yamphamvu. Makina ena amagwiritsa ntchito cobalt-60, amene amatulutsa gamma ndipo half-life yake ndi zaka pafupifupi 5.3.

Tiwerengere: kodi ndi moto?

Mlingo wa cheza chimene thupi lalandira umayezedwa mu gray, mwachidule Gy. Gray imodzi ndi joule imodzi pa kilogalamu imodzi ya mnofu. Wodwala khansa ya khomo la chiberekero amalandira pafupifupi 45 mpaka 50 Gy kuchokera pamakina akunja, pa masabata asanu.

Mnofu wathu ndi madzi ochuluka, ndiye titenge specific heat capacity ya madzi, 4,200 J/kg°C. Kukwera kwa kutentha ndi 50 kugawa ndi 4,200, zomwe zikutipatsa madigiri 0.012. Taonani nambala imeneyo. Ngakhale mlingo wonse wa masabata asanu utaperekedwa nthawi imodzi, thermometer ya kuchipatala singaone kusintha kulikonse. Yerekezani ndi kapu ya tiyi: kuwiritsa madzi okwana 0.25 kg kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 100 kumafuna ma joule 78,750.

Ndiye radiotherapy si moto ayi. Imagwira ntchito podula DNA, osati potentha. Wodwala akagona pamakina samva kupweteka kapena kutentha, ndipo chezacho chimayatsidwa kwa mphindi zochepa chabe. Nanga bwanji khungu la ena limada kapena kusupuka ngati lapsa? N'chifukwa choti maselo a khungu nawonso amagawikana msanga, ndiye chezacho chimawakhudza podutsa. Ena amatopa kwambiri, ena amatsekula m'mimba. Zimenezi n'zoona ndipo n'zowawa, koma zambiri zimachepa chithandizo chikatha, ndipo anamwino ali ndi njira zothandizira wodwala akawauza.

Funso lina limene limavutitsa mabanja: kodi wodwala akabwera kunyumba amatulutsa cheza? Ayi. Makina akazimitsidwa cheza chatha, monga mmene chipinda sichisungira kuwala mukazimitsa babu. Atha kunyamula mwana, kuphika ndi kugona m'nyumba imodzi ndi anzake.

Chifukwa chiyani tsiku ndi tsiku?

Bwanji osangopereka 50 Gy tsiku limodzi munthu n'kubwerera kwawo? Chifukwa maselo abwino ozungulira chotupa angawonongeke kwambiri. Madokotala amagawa mlingowo m'tizigawo ta 1.8 kapena 2 Gy, Lolemba mpaka Lachisanu. Pakati pa tsiku ndi tsiku linzake, maselo abwino amakonza DNA yawo bwino kuposa maselo a khansa. Kusiyana kwakung'ono kumeneku kukabwerezedwa ka 25 kumakhala kwakukulu.

Tichite chitsanzo chophweka. Chotupa cha sentimita imodzi chimakhala ndi maselo pafupifupi biliyoni imodzi. Tiyerekeze kuti tsiku lililonse chithandizo chikupha theka la maselo otsala. Masamu ake ndi omwe aja a half-life. Pakatha masiku 10 tagawa ndi 1,024, kwatsala pafupifupi miliyoni imodzi. Pakatha masiku 20 kwatsala pafupifupi 1,000. Kuti tifike pa selo limodzi pafunika masiku 30.

Tsopano taganizirani za tsiku la 20. Magazi asiya, ululu wachepa, wodwala akumva bwino. Ndalama zatha, kumudzi chimanga chikufuna kupalira, ana ali okha. Iye akuti ndachira, ndikupita. Koma maselo 1,000 aja ali moyo, ndipo ayambiranso kugawikana: 2,000, 4,000, 8,000. Nambala za m'thupi lenileni zimasiyana ndi chitsanzo chathuchi, koma phunziro lake ndi lomwelo. Masiku omaliza, amene amaoneka ngati opanda ntchito, ndi amene amamaliza nkhondo. N'chifukwa chake pa khansa ya khomo la chiberekero madokotala amayesetsa kuti radiotherapy yonse ithe m'masabata asanu ndi atatu.

M'masabata amenewa muli gawo lina lotchedwa brachytherapy. Kachidutswa kotulutsa cheza, kawirikawiri iridium-192 kapena cobalt-60, amakalowetsa kwa mphindi zingapo pafupi penipeni ndi chotupa, kenako n'kukachotsa. Apa pakugwira ntchito inverse square law: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya cheza imatsika kanayi. Chotupa chili pafupi chimalandira zambiri, chikhodzodzo ndi matumbo zimene zili patali pang'ono zimalandira zochepa.

Chemotherapy nayo imayenda m'magawo. Mitundu yambiri amapereka pakapita masabata atatu aliwonse, kuti mafuta a m'mafupa apange magazi atsopano. Asanapereke amayamba ayeza magazi. Akapeza kuti ndi ochepa, wodwala amauzidwa kuti adikire kaye. Kwa munthu wa ku Chiringa amene wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, mawu akuti "mubwere sabata yamawa" ndi olemera kwambiri, koma kupereka mankhwalawo magazi ali ochepa kungaike moyo wake pachiswe.

Mtolo umene suli m'buku la fizikisi

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma kabaza, minibasi, chakudya ndi sopo si zaulere. Pamafunikanso gadiyani, amene amasiya munda ndi ana n'kukagona pachitando. Nyengo ya mvula misewu imavuta. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi milatho kuno mu Malichi 2023. Wodwala wa masabata asanu sangamayende tsiku ndi tsiku kuchokera ku Nambazo, ayenera kupeza pokhala pafupi ndi chipatala.

Inu ophunzira muli ndi chida chimene makolo ambiri alibe: mumatha kuwerenga Chingerezi cha m'buku la kuchipatala. Ngati pakhomo panu pali wodwala, sungani bukulo ndi kalata yotumizira m'pulasitiki kuti zisanyowe, ndipo jambulani masamba ofunika pafoni. Lembani masiku obwerera kuchipatala pakalendala. Siyani kuchipatala manambala awiri a foni amene amagwiradi. Asananyamuke, funsani dzina la khansayo, siteji yake, chithandizo chimene chakonzedwa ndi kutalika kwake, kuti banja lidziwe ndalama zimene lisonkhe. Funsaninso kuchipatala cha boma ngati pali galimoto yopita ku Queens pa tsiku la kiliniki. Wodwala wa chemotherapy akatentha thupi, musadikire tsiku lolembedwa, thamangirani kuchipatala chapafupi n'kuwauza mankhwala amene akulandira. Amene ali pa ma ARV asasiye. Ndipo ngati akumwa mankhwala azitsamba, adokotala auzidwe, chifukwa ena amalimbana ndi mankhwala a khansa.

Ululu nawo uli ndi chithandizo chake. Ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane yothandiza odwala matenda okhalitsa, ndipo m'zipatala za maboma mumapezekanso chithandizo chotere, kuphatikizapo morphine wakumwa. Kulandira morphine sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kumwalira.

Ulendo wonsewu ukhoza kupewedwa. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo kuyambira mu 2019 dziko lathu limapereka katemera wake kwa atsikana. Achemwali anu aang'ono analandira? Amayi anu ndi azakhali anu anakayezetsa VIA? Kafunseni madzulo ano.

Zochita

1. Wodwala walembedwa 45 Gy, ndipo akulandira 1.8 Gy patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Adzapita pamakina kangati, ndipo atenga masabata angati?

2. Half-life ya iridium-192 ndi masiku pafupifupi 74. Pakatha masiku 148, mphamvu yake yatsala gawo lanji? Izi zikutiuza chiyani za kufunika koitanitsa ina pa nthawi yake?

3. Cheza cha brachytherapy chili ndi mphamvu inayake pa mtunda wa 1 cm. Pa 3 cm chatsika kangati?

4. M'mawu anuanu, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, lembani ziganizo zisanu zimene mungawauze agogo anu pofotokoza kusiyana kwa kachipangizo kotentha ka pa VIA ndi makina a radiotherapy.