Phunziro: Onani Katundu Musanatumize Ndalama

Amayi anzanga, masiku ano ambiri a ife ku Kanyama, Matero ndi Chawama timaoda zitenje, salaula ndi mapoto kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Koma pakati pa ogulitsawo pabisala akuba. Amaika zithunzi zokongola ndi mtengo wotsika, n'kumati, "Tumizani theka pa Airtel Money kapena MTN, katundu akutha." Mukangotumiza, amazimitsa foni, mpamba wonse wapita.

Nanga tidziteteze bwanji?

1. Musalipire katundu amene simunamuone ndi maso. Kumanani ndi wogulitsa masana, poyera, monga ku Kamwala kapena ku Soweto, ndipo mupite ndi mnzanu.
2. PIN yanu ndi chinsinsi chanu. Musauze munthu, ngakhale woimba atati ndi wa kukampani ya foni.
3. Musanatumize, werengani dzina limene latuluka pa foni. Likasiyana ndi la wogulitsa, lekani.
4. Mukaberedwa, musabise chifukwa cha manyazi. Sungani mauthenga onse, kanenani kupolisi, ndipo perekani nambalayo ku ZICTA pa *707#.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokufulumizitsani kulipira, mukayikireni.

Funso lokambirana: Tingamuthandize bwanji mnzathu amene waberedwa ndalama za chilimba mwa njira imeneyi?