Kamera yosankha maselo a batire: uthenga kwa anzathu a m'mafakitale a ku East Rand

Abale amene mumagwira ntchito ku Wadeville, Isando, Alrode, Benoni ndi madera ena a mu Ekurhuleni, makamaka inu ogwira mabatire, pali makina amene ndi bwino kuwadziwiratu asanakupezeni pa laini. Ndi kamera yolumikizidwa ku kompyuta. Ntchito yake ndi kuyang'ana selo lililonse la batire likamadutsa pa lamba, n'kugamula ngati lipitirire kapena lichotsedwe.

Mabatire a kuno

Ntchito ya mabatire si yachilendo kuno. Kampani ya First Battery, yomwe kale inkatchedwa First National Battery, ili ndi likulu lake ku Benoni, komwenso amasungunula mtovu wa mabatire akutha, ndipo ku Germiston kuli Fry's Metals yochita zomwezo. Amenewo ndi mabatire a mtovu ndi asidi, a m'galimoto aja, okhala ndi maselo 6. Chatsopano ndi lithium. Kuthimathima kwa magetsi a Eskom, komwe kunanyanya mu 2023, kunachititsa anthu ambiri kuika sola, inverter ndi batire pakhomo. Maselo ake ambiri amachokera ku China, ndipo kuno ku Joni ntchito yaikulu ndi kuwalumikiza. Batire limene anthu amati ndi la 48V kawirikawiri limakhala ndi maselo 16 a 3.2V olumikizidwa motsatizana. Limodzi likafooka, batire lonse limayendera lofookalo. Likapsa, anzakenso akhoza kugwira moto.

Si nkhambakamwa ayi. Mu 2016 kampani ya Samsung inasiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Atafufuza anapeza kuti ena anali opanikizika pakona, ena anali ndi timinga ta chitsulo totsalira powotcherera, timene tinkaboola kapepala kolekanitsa mbali ziwiri za selo. Mu 2021 General Motors inaitanitsa galimoto zonse za Chevrolet Bolt chifukwa cha maselo a LG, ena mwa iwo atang'ambika kachitsulo kolumikizira ndiponso kapepala kaja katapindika. Tizilema totere n'tating'ono kwambiri, ndipo diso la munthu amene waima pa laini kuyambira m'mawa limafika potopa.

Mmene imagwirira ntchito

Selo likafika pamalo ake, kachipangizo kamene kali pambali pa lamba kamauza kamera kuti ijambule. Nyale imaphethira, chithunzi chimapita ku kompyuta, ndipo sekondi isanathe chigamulo chatuluka. Selo lokanidwa limakankhidwira pambali kapena kunyamulidwa ndi mkono wa makina. Mayina amene mungawaone pa makamerawa ndi monga Cognex ya ku America, Keyence ya ku Japan ndi Basler ya ku Germany.

Kamera imafunafuna kuphwanyika, mikwingwirima, kung'ambika kwa pulasitiki yabuluu yokutira selo, madzi a m'kati otayikira, dzimbiri pamitu, ndi selo loikidwa chagada, mbali ya + ili pamene payenera kukhala ya -. Imawerenganso QR code ya selo lililonse, kuti batire likadzavuta kwa kasitomala adzathe kulondola kumene linachokera. Pamene pawotchereredwa timizati tolumikiza maselo, ena amaika kamzere ka laser koyeza kutalika, kuti aone ngati pagwira bwino kapena selo latupa. Kumafakitale opanga maselo enieniwo, ku China ndi ku South Korea, makamera amayamba kale kwambiri, pa timapepala ta kopa ndi aluminiyamu tikamapakidwa mankhwala.

Anthu ambiri amaganiza kuti nzeru zonse zili mu kamera. Zoona zake, theka la ntchito ndi nyale. Amene munasankhapo fodya ku Kasungu kapena ku Dowa mukudziwa kuti tsamba lomwelo limaoneka lina m'mawa, lina dzuwa likapendeka. Chitsulo cha selo n'chonyezimira. Nyale ikawala kuchokera pamwamba, mkwingwirima umabisala m'kunyezimirako. Ikawala chammbali, mopendekeka, mkwingwirima womwewo umaonekera poyera. Choncho injiniya amatha masiku akusuntha nyale pang'onopang'ono mpaka itakhala pabwino. Wina akabwera n'kukolekapo jekete, ntchito yonse ija yapita m'madzi, ngakhale sikirini ikhale ikuonetsabe zobiriwira.

Makompyuta ake alipo a mitundu iwiri. Ena amangoyeza: kachilema kakapitirira muyezo, selo lakanidwa. Ena amaphunzitsidwa poonetsedwa zithunzi zambirimbiri za maselo abwino ndi oipa. Amene amalemba kuti ichi n'chilema, ichi ndi fumbi chabe, ndi munthu wodziwa maselo. Apa m'pamene mayi kapena bambo amene wakhala zaka akusankha ndi maso amafunika, ndipo akapitawo anzeru amamufunsa iyeyo.

Zimene siona

Kamera imaona kunja kokha. Zilema ngati za Note 7 ndi Bolt zija zimakhala m'kati, ndipo selo likatsekedwa pamafunika X-ray kuti zioneke. Kamera siidziwanso ngati selo likusunga moto. Ndiye kuyeza mphamvu ya selo ndi mita, ndi kulisiya masiku angapo kuti muone ngati likudzithera lokha moto, musakusiye poti kamera yavomera. Komanso chilema chimene sinaphunzitsidwe ikhoza kuchilola kudutsa. Mukaona chachilendo, imitsani laini, muuze akapitawo.

Kasamalidwe

Poyamba shifiti iliyonse dutsitsani maselo oyesera, amene mukudziwa kale kuti ndi oipa. Asungeni m'bokosi lawolawo, olembedwa bwino. Kamera ikawakana onse, yambani ntchito. Ikalola ngakhale limodzi, musayambe. Chitaninso chimodzimodzi magetsi akathima n'kubweranso, kapena jenereta ikayaka.

Galasi loteteza kamera lipukuteni ndi kansalu kofewa kake, osati ndi malaya kapena magolovesi a girizi. Kuno fumbi ndi nkhani, makamaka mu Ogasiti mphepo ikamaulutsa dothi la m'milu ya migodi ya ku Boksburg ndi Brakpan. Kadontho kamodzi pagalasi kamaoneka pa chithunzi chilichonse, ndipo makina amayamba kukana maselo abwinobwino. Dzuwa lolowera pa malata oonekera a padenga limachitanso zomwezo, ndiye chotchinga cha kamera chisamachotsedwe.

Tsiku lina mudzaona bokosi la okanidwa ladzaza masana asanakwane, oda ikudikira, galimoto ili pageti. Pamenepo pamabwera mayesero ofewetsa muyezo pa kompyuta kuti laini iyende. Musavomere kutero ndi dzanja lanu. Yambani mwaona galasi ndi nyale, kenako tsegulani zithunzi za okanidwawo. Ngati muyezo uyeneradi kusintha, asinthe amene ali ndi udindowo, ndipo zilembedwe. Selo lokanidwa lisabwerere pa lamba mwakachetechete. Ndipo tinene mosabisa: lisapitenso m'chikwama kuti likayatse nyale m'chipinda cha lendi ku Tembisa kapena ku Katlehong, kumene ana amagona pafupi ndi chitseko chimodzi chokhacho.

Mphete, wotchi ndi tcheni vulani musanakhudze maselo, chifukwa chitsulo chikagunda mitu iwiri chimatentha nthawi yomweyo. Selo lotupa, lotentha kapena lonunkhira ngati mankhwala otsekemera liikeni kutali, m'chotengera chosayaka, ndipo utsi wake musaupume. Musasuzumire mu laser, komanso musalowetse dzanja pa chokankhira makina asanazimitsidwe ndi kukhomedwa loko.

Nanga ntchito yathu?

Funsoli n'loyenera. Pamene kamera yaikidwa, anthu oyang'ana ndi maso amachepa, ndipo wokuuzani kuti palibe chisinthe akukunamizani. Lamulo la Labour Relations Act, ndime 189, limati bwana akafuna kuchepetsa antchito chifukwa cha makina atsopano ayambe wakambirana nawo kapena ndi bungwe lawo, monga NUMSA. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limamukakamizanso kukuphunzitsani za ngozi za makina amene mukugwiritsa ntchito. Pa zokambiranazo pemphani kuti oyendetsa kamera asankhidwe pakati panu. Amene mapepala anu ali bwino, kafunseni za maphunziro a zamagetsi ku Ekurhuleni East TVET College kapena ku Ekurhuleni West TVET College, ndipo kuntchito funsani ngati kampani yanu imatumiza anthu ku maphunziro kudzera ku merSETA. Tsiku limene injiniya adzabwere kudzamanga makinawa, pemphani akapitawo kuti mukhale naye pafupi, ndi kope m'manja.