BP Yakumtundu: Zoyenera Kuchita Ikakhala M'banja Mwanu

Anthu awiri akhoza kumadya nsima ndi ndiwo zofanana, koma wina BP n'kumakwera, mnzakeyo ayi. Mbali ina ya kusiyanaku imachokera ku majini, malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo. Akatswiri amati chibadwa chimachititsa 30 mpaka 50 peresenti ya kusiyana kwa BP pakati pa anthu. Nthawi zambiri si jini imodzi, koma mazanamazana, iliyonse n'kuwonjezerapo pang'ono, makamaka pa mmene impso zimasungira mchere m'thupi. Chibadwa simungachisinthe, koma mukhoza kuchiyambirira. Tsatirani izi:

1. Funsani akuluakulu akwanu. Kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndani anadwala BP, sitiroko kapena impso? Anali ndi zaka zingati? Matendawa akagwira kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi akadali wamng'ono, nanunso khalani tcheru.

2. Kayezetseni musanamve kupweteka. BP imawononga mwakachetechete. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyanasiyana, ndiye kuti yakwera.

3. Chepetsani mchere. Anthu ambiri akuda ali ndi matupi osunga mchere kwambiri, ndipo mcherewo umakoka madzi n'kuchulutsa magazi m'mitsempha. Bungwe la WHO limati tisafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Werengeraninso mchere wobisika: wa m'makyubu okometsera ndiwo, wa mu bakayawo, ndi soda wothira mu therere. Kambale ka mchere kachoke pamphasa podyera.

4. Auzeni adokotala mbiri yonse. Kwa anthu akuda ambiri, mankhwala a amlodipine ndi hydrochlorothiazide amatsitsa BP kuposa enalapril akamamwedwa payekha. Palinso matenda osowa otchedwa Liddle syndrome, amene Grant Liddle anawafotokoza mu 1963. Jini imodzi yolakwika imachititsa impso kusunga mchere n'kumataya potaziyamu, BP n'kukwera munthu akadali mwana. Mankhwala ake ndi amiloride. Choncho musamwe mapiritsi a mnzanu, ndipo musasiye anu chifukwa choti mukupezako bwino.

5. Pemphani akuyezeni impso. Mitundu ina ya jini ya APOL1, yofala makamaka kumadzulo kwa Africa, imateteza ku matenda a kaodzera, koma amene watengera mitunduyi kwa bambo ndi mayi omwe amakhala pachiopsezo cha matenda a impso. Impso zikafooka, BP nayo imakwera. Kuyeza mkodzo ndi magazi kumaonetsa vutoli msanga.

6. Chitani zimene zili m'manja mwanu. Yendani ndawala mphindi 30 masiku ambiri pamlungu, siyani fodya, chepetsani mowa, ndipo idyani masamba ndi zipatso.

Mukapezeka ndi BP, musabise. Uzani abale anu ndi ana anu amene akula kuti nawonso akayezetse mwezi uno.