Kuphwanya nambala yaikulu osagonja panjira

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, kuyambira ku Lizulu ndi ku Tsangano mpaka kuchigwa cha Bwanje. Nambalayi ndi yabwino pophunzirira kuphwanya nambala m'ma prime, manambala aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi, chifukwa ili ndi msampha womwe umakola ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MANEB.

Pakufunika pepala, cholembera ndi mphindi ngati 20. Calculator ya pafoni ikukwana. Ya m'sitolo ikhoza kudya ndalama zambiri, koma siganizira munthu.

Poyambira m'posavuta. Nambalayi ikuthera ndi 8, choncho 2 alowa, ndipo pano alowa katatu: 329,804, kenako 164,902, kenako 82,451. Manambala a mu 82,451 akaphatikizidwa akupereka 20, ndiye 3 salowa. Nayenso 5 salowa.

Ambiri amagwera apa. Amayesa 7, patsala 5. Amayesa 11, patsala 6. Amayesa 13, patsalanso 5. Basi, dzanja lalema, n'kulemba kuti 82,451 ndi prime. Yankho lotere labadwa ndi kutopa, ndipo wochonga amalikhwatcha osaphethira. Palinso anthu amene amanamiza ana kuti nambala yothera ndi 1, 3, 7 kapena 9 ndi prime. Nanga 91, amene ndi 7 × 13?

Asanayese chilichonse, wophunzira apeze polekezera. 287 × 287 ndi 82,369, pomwe 288 × 288 wapitirira. Choncho ma prime onse osaposa 287 ayenera kuyesedwa, mmodzimmodzi, munthu asanatsegule pakamwa kunena kuti 82,451 sagawika. Onse, osalumpha ndi mmodzi yemwe. Woimira pa 13 sanayende n'komwe.

Apitirize. Pa 17 patsala 1 yekha, ndipo apa ena amatseka diso n'kuvomera. Ayi, kotsala ngakhale kachepe bwanji, nambala yakana. Akananso 19, 23, 29, 31 ndi 37. Koma 9, 15 ndi 21 asataye nawo nthawi, pakuti 3 anakana kale. Ikafika 41, zatheka: 82,451 ÷ 41 = 2,011 ndendende.

Tsopano 2,011 afufuzidwe chimodzimodzi, koma polekezera pafupika. 45 × 45 ndi 2,025, ndiye malire ndi 44. Ma prime ochepera 41 anakana kale, atsala awiri okha: 41 asiya 2, 43 asiya 33. Apa ndiye kunena kuti 2,011 ndi prime kuli ndi umboni.

Yankho ndi 2 × 2 × 2 × 41 × 2,011. Wofuna kudziwa kuchuluka kwa manambala ogawa 659,608 awonjezere 1 pa maulendo amene prime aliyense waoneka, n'kuchulukitsa: 4 × 2 × 2, akwana 16. Asanapereke pepala abwerere chambuyo: 8 × 41 ndi 328, ndipo 328 × 2,011 ayenera kubweza 659,608. Akapanda kubweza, ayambe wasuzumira pogawa ndi 2 paja, pomwe anthu amathamangira.